Njala yabwereranso mutachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu? Fufuzani izi kaye

Miyezi yoyambirira mukangochoka ku opaleshoni njala imasowa ndithu, ena mpaka amatchera alamu pa foni kuti iziwakumbutsa kudya, masipuni atatu a phala basi wakhuta. Ndiye pakapita miyezi 6, ena chaka, ena chaka ndi theka, mumangozindikira kuti mwayambanso kuganiza za chakudya, 10 koloko isanakwane m'mimba mukulira, usiku mukutsegula filiji, ndiye mantha amakugwirani kuti kaya chifu chija chatanuka, kaya ndalama zonse zija zapita pachabe. Anthu ambiri amafika apa ndipo ambiri amangokhala chete chifukwa cha manyazi, nchifukwa chake ndikufuna tikambirane bwinobwino.

Choyamba mudziwe kuti kubwerera kwa njala nkoyembekezeka. Pa opaleshoni ya sleeve madokotala amachotsa gawo lalikulu la chifu, pafupifupi 75 mpaka 80 peresenti, ndipo mbali yakumtunda imene amachotsayo ndi imene imapanga kwambiri homoni ya njala yotchedwa ghrelin, ija anaitulukira akatswiri a ku Japan mu 1999. Pa opaleshoni ina yotchedwa bypass amasiya kathumba kakang'ono ka mamililita pafupifupi 30 nkukalumikiza ku matumbo aang'ono, chakudya chimafika msanga kumunsi ndipo mahomoni okhutitsa monga GLP-1 ndi PYY amakwera. Koma thupi silikhala phee, likamataya makilo ambiri limayamba kulimbana kuti liwabweze, kutupa kwa mkati kumatha, kachifu kamafewa nkumalandira chakudya chochulukirapo. Pofika chaka munthu amatha kudya pafupifupi kapu imodzi ya chakudya pa nthawi imodzi, ndipo zimenezo si kuwonongeka kwa opaleshoni ayi. Nkhani ndi yoti zambiri zimene timazitcha njala pa nthawi imeneyi si njala yeniyeni, pena ndi asidi, pena ludzu, pena shuga watsika, pena chakudya chadutsa msanga, pena ndi mtima chabe, ndipo chilichonse chili ndi kakonzedwe kake. Mukalakwitsa kuzindikira mudzakhala mukuthira chakudya pa vuto losafuna chakudya.

Izi zokha musayese kukonza kunyumba

Ngati mukusanza tsiku ndi tsiku, madzi omwe sakukhazikika, m'mimba mukupweteka kwambiri, mtima ukuthamanga, thupi latentha, mukubanika, mukusanza magazi kapena chimbudzi chikutuluka chakuda bii, siyani kuwerenga pitani kuchipatala lero lomwe. Chinanso chimene ambiri sachidziwa, munthu akamasanza kwa masabata angapo vitamini B1, thiamine, amatha msanga m'thupi chifukwa nkhokwe yake ndi ya masabata awiri kapena atatu basi, ndipo zizindikiro zake ndi kusokonezeka mutu, kuona zinthu ziwiriziwiri, kuyenda modzandira, miyendo kuchita dzanzi. Izi zikachedwa zimawononga ubongo osabwereranso. Mukafika auzeni msanga kuti munachitidwa opaleshoni ya chifu ndipo mwakhala mukusanza, muwafunse za thiamine asanakuikeni dripi ya shuga.

M'mimba mukuluma kapena kuwotcha, makamaka m'mawa ndi pakati pausiku

Apa yambani kukayikira asidi. Anthu a sleeve ndi amene amavutika nazo kwambiri chifukwa kachifu kowonda kaja kamakhala kopanikizika, asidi amakwera mosavuta. Chovuta nchoti si nthawi zonse pamene amabwera ngati chilungulira chodziwika chija chowotcha pachifuwa, nthawi zina kumangokhala kuluma pansi pa nthiti kofanana ndendende ndi njala, mukaponyamo kabisiketi kumaleka kwa mphindi 20 kenako kwabweranso, ndiye tsiku lonse mumangoponyamo. Yang'anani ngati pali kugeya kowawasa, kukhosi kokanda m'mawa, chifuwa chouma usiku, kapena mawu kusasa.

Ambiri amapatsidwa mapiritsi ochepetsa asidi, omeprazole kapena mnzake, potuluka m'chipatala, ndiye njala yabodzayi imayamba pomwe mapiritsi aja atha. Ngati ndi choncho kaonaneni ndi dokotala akuuzeni ngati muyambirenso, ndipo amagwira bwino mukamwa mphindi 30 musanadye kadzutsa. Musagone musanathe maola awiri kapena atatu chidyereni, kwezani kumutu kwa bedi, chepetsani khofi, kambuzi ndi zokazinga, fodya musiyiretu. Bufeni, diclofenac, indosidi ndi aspirin zimayambitsa zilonda, makamaka kwa a bypass pamalo polumikizira paja, ndiye mutu ukapweteka imwani panado. Amene muli ku Joni samalani ndi Grand-Pa, muli aspirin mmenemo. Koma ngati aspirin anakulemberani chifukwa cha mtima musasiye panokha, funsani kaye. Kuluma kukapitirira ngakhale mukumwa mankhwala pemphani akuyezeni kachilombo ka m'chifu kotchedwa H. pylori kapena akuunikeni ndi kamera ya kukhosi.

Ludzu

Ili ndi losavuta kuyesa. Mukufunika madzi lita imodzi ndi theka mpaka malita awiri patsiku, koma simungagugude kapu yonse ngati kale, ndiye ambiri amatha tsiku ndi theka la lita osadziwa. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, mutu ukuwawa, mukudzimbidwa, ndiye kuti madzi achepa. Njala ikabwera pa nthawi yosakhala ya chakudya imwani pang'onopang'ono kapu ya madzi nkudikira mphindi 15, ikatha ndiye kuti linali ludzu. Botolo lizikhala m'manja, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala. Zakumwa za gasi ayi, zimadzaza mpweya nkupweteka, komanso kachitini kamodzi ka Coca-Cola ka mamililita 330 kali ndi shuga pafupifupi magalamu 35.

Mwadya bwinobwino koma pakangotha ola limodzi njala

Apa ndi pamene pagona nkhani yaikulu, ndipo kwa ife odya nsima pamavuta kawiri. Tinakula tikudziwa kuti chakudya ndi nsima, ndiwo nzongothandizira kuti mbamu idutse, munthu akadya mpunga kapena mbatata amati sanadye. Kachifu katsopanoka kakufuna kuti mutembenuze zimenezo, ndiwo zikhale chakudya, nsima ibwere kumapeto ngati malo atsala. Ndikudziwa kuti zikumveka zachilendo ndipo akunyumba adzakuyang'anani, koma palibe njira ina yozembera.

Chifukwa chake ndi ichi. Chimene chimakhalitsa m'mimba ndi kukhutitsa nthawi yaitali ndi chakudya cholimba cha mapuloteni, nyama, nsomba, mazira, nyemba. Madokotala ambiri amati mupeze magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni patsiku. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi magalamu 6, kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8, theka la kapu ya nyemba zophika 7, chidali cha nkhuku chophika cholemera magalamu 100 chili ndi pafupifupi 30. Werengani nokha za dzulo muone, ambiri amapeza kuti sanafike pa mlingo umenewu. Ngati malo m'mimba ndi kapu imodzi ndipo theka mwadzaza nsima, mapuloteni alowa pati? Nsima ya ufa woyera ndi sitachi, imasanduka shuga msanga nkukusiyani ndi njala, ndipo miyezi yoyamba nsima, mpunga ndi buledi woyera zimaumbika nkutsamira pachifuwa. Ndiye yambani ndi ndiwo ya mapuloteni, kenako masamba, nkhwani, mpiru, bonongwe, chisoso zophikidwa mofewa, pomaliza mbamu imodzi kapena ziwiri, bola ya mgaiwa.

Simukufunika kugula zitini zodula za ufa wa mapuloteni ngati thumba silikulola. Usipa ndi matemba ouma ali ndi mapuloteni ambiri zedi, mukhoza kuwasinja nkuthira mu ndiwo ngati minga ikukuvutani. Pali soya pieces, nandolo, khobwe, chambiko, mazira owiritsa, chambo chophika osati chokazinga mpaka kuuma, mkaka wa ufa wothira m'phala. Nsinjiro ndi chiponde nzabwino koma zili ndi mafuta ambiri, sipuni imodzi yakwana, osati kukhala ndi mbale ya mtedza pa TV. Nyama youma ngati kanyenya kapena nkhuku yootcha kwambiri imatsamira, munthu amasanza kenako amaiopa nyama yonse nkuthawira ku zofewa, ndipo apa ndi pamene ambiri amasocherera. Iphikeni nthawi yaitali ifewe, muidule tizidutswa.

Zofewazo ndiye msampha weniweni. Phala lamadzimadzi, thobwa, maheu, tiyi wa mkaka ndi shuga, Sobo, juwisi, yogati wotsekemera, ayisikilimu, chokoleti, mabisiketi oviika mu tiyi, makirisipi, zonsezi zimangotsetsereka osakumana ndi chotchinga chilichonse. Munthu amene sangamalize dzira limodzi lowiritsa akhoza kumaliza paketi ya mabisiketi osamva kanthu, ndiye amadabwa kuti sikelo ikukwera bwanji pomwe sadya zambiri. Opaleshoni imachepetsa zolimba, koma zamadzi ndi zosungunuka mkamwa siizigwira. Gawo la zamadzi ndi zopota linali la masabata oyamba aja, nthawi zambiri pofika sabata ya 6 mpaka 8 mumayenera kukhala mutabwerera ku chakudya wamba, ngati patha miyezi 5 mukadali pa phala ndi supu chifukwa zolimba zikukana, chimenecho ndi chokauza dokotala, mwina penapake pachepa.

Kenako madzi pa chakudya. Kachifu kanu kali ngati fanelo, mukaikamo zolimba zimatsika pang'onopang'ono, mukathira madzi pamwamba zonse zimakokoloka. Ndiye lekani kumwa pafupifupi mphindi 30 musanadye, osamwa pakudya, ndipo dikirani mphindi 30 mukamaliza. Msuzi wambiri umachitanso chimodzimodzi, uzingonyowetsa ndiwo osati kusambiramo. Chizolowezi chimenechi chokha chimasintha zinthu kwa anthu ambiri, ine ndimati muyambire pamenepa musanasinthe china chilichonse.

Liwiro nalonso. Ku Britain amaphunzitsa lamulo la 20, kuluma kachidutswa kakang'ono, kutafuna ka 20, ndi kusiya kudya pakatha mphindi 20 ngakhale chatsala. Ikani sipuni pansi pakati pa kuluma kulikonse. Mukathamanga mumadzaza msanga ndi ululu musanadye zokwanira, pakapita kanthawi njala. Mukachedwetsanso mpaka ola lathunthu choyamba chimakhala chatsika, ndiye mumadya kawiri mlingo wanu. Phunziraninso kukhuta kwatsopano chifukwa sikumveka kumimba ngati kale, ena amamva kuthina pachifuwa, ena amageya, ena amayetsemula kapena mphuno kuyamba kuchucha. Chikangobwera chizindikiro chanucho imani pomwepo, sipuni imodzi yowonjezera ndi imene imabweretsa thovu ndi kusanza.

Njala yobwera ndi kunjenjemera, thukuta ndi chizungulire

Iyi ndi ina, ndipo ndi yoopsa mukaiseweretsa. Amaitcha dumping, imakonda a bypass koma a sleeve nawonso imawapeza. Pali yofulumira, mphindi 10 mpaka 30 mutadya zotsekemera kapena zamafuta, mtima kugunda, nseru, m'mimba kupotokola, kutsegula, kufuna kugona pansi. Ndiye pali yochedwa, ola limodzi mpaka atatu mutadya, shuga amalowa m'magazi mothamanga, thupi limatulutsa insulin wambiri, homoni yotsitsa shuga ija, kenako shuga amagwa. Mumamva njala yolusa, manja kunjenjemera, thukuta lozizira, maso kuchita mdima, ena mpaka kukomoka. Yochedwayi nthawi zambiri imayamba patapita chaka kapena kuposerapo, ndiye munthu saganiza nkomwe kuti ikukhudzana ndi opaleshoni. Choipa chake umathamangira switi kapena Fanta, umamva bwino, pakatha maola awiri zabweranso, tsiku lonse kukwera ndi kutsika, makilo nkumabwerera.

Ngati mungapeze kamakina koyezera shuga yezani pa nthawi imene zikuchitikayo, kakaonetsa pansi pa 4 mmol/L, kapena pansi pa 70 pa makina a mg/dL, watsikadi. Pa nthawiyo imwani theka la kapu ya juwisi kapena mapiritsi a glucose kuti mudzuke, kenako mutsatize ndi dzira, mkaka kapena mtedza pang'ono kuti asagwenso. Koma kukonza kwenikweni kuli pa chakudya chimene munadya maola awiri m'mbuyomo, bwererani mukaone, kawirikawiri mupeza tiyi wa shuga ndi buledi, mandasi, phala la ufa woyera, mpunga wokha. Sitachi isamalowe yokha, izikhala yochepa ndipo iziyenda ndi mapuloteni. Zikamachitika pafupipafupi, kapena munakomokapo, musayendetse galimoto mpaka muonane ndi dokotala, pali mankhwala ngati acarbose amene amathandiza. Amene munali kale ndi matenda a shuga ndipo mukadali pa insulin kapena glibenclamide pa mlingo wakale, mwina mankhwalawo ndi amene akukugwetsani tsopano poti thupi lasintha, kawaonetseni asinthe mlingo.

Njala ya m'mutu

Njala yeniyeni imabwera pang'onopang'ono, patapita maola atatu kapena anayi chidyereni, ndipo imalandira chilichonse. Ya m'mutu imabwera mwadzidzidzi ndipo imatchula dzina, ikufuna chipisi cha pachiwaya, ikufuna zitumbuwa, ikufuna chokoleti. Dzifunseni kuti atandipatsa dzira lowiritsa pano ndidya? Ngati yankho ndi ayi ndiye ndi chibaba chabe. Si tchimo, dokotala anadula chifu koma zimene zinkakupititsani kukhitchini mukakhumudwa, mukatopa, mukasungulumwa, mukayambana ndi akunyumba, zonse zija zikadalipo. Ena amalira ndithu miyezi yoyamba chifukwa chinthu chimene chinkawatonthoza chachoka, ndipo zimenezi nzenizeni, sizofunika kuchita nazo manyazi.

Chimene chimawononga kwambiri si phwando la tsiku limodzi koma kutolatola, kaching'ono apa kaching'ono apo kuyambira m'mawa mpaka kogona, kulawa ndiwo pophika, kumaliza zotsala za ana, mtedza m'thumba, bisiketi ya ku ofesi. Kachifu sikadzadza ndiye sikakuletsani. Mankhwala ake ndi ndandanda, chakudya katatu patsiku pa nthawi yodziwika, kuphatikiza kakamba kamodzi kapena kawiri kokonzeratu, mutakhala pansi, m'mbale yaing'ono, foni ndi TV pambali. Kunja kwa nthawi zimenezo ndi madzi basi. Ndipo musadumphe kadzutsa ndi nkhomaliro poganiza kuti mukuchepetsa, amene amadumpha masana ndi amene amalusa usiku.

Kwa sabata imodzi lembani mu foni chilichonse cholowa mkamwa, nthawi yake, ndi mmene mumamvera mumtima. Osalemba kuti mudziweruze, lembani kuti muone pamene pakubowoka. Ambiri amapeza kuti ndi nthawi imodzi yomweyomweyo, 4 koloko pobwera kuntchito kapena ana akagona. Mukaidziwa ikonzereni, ikani chambiko kapena dzira pa nthawi imeneyo, kapena tulukani muyende, imbirani mnzanu, chibaba chimakwera kenako chimatsika chokha mukachipatsa mphindi zingapo. Zimene mukudziwa kuti simungazikane zisalowe m'nyumba, kulimbana nazo zili mu kabati nkovuta kuposa kuzisiya ku shopu.

Tulo tikachepa njala imakwera, izi nzodziwika, ghrelin amakwera ndipo thupi limafuna zotsekemera. Abale amene mumagwira mashifiti ausiku m'nyumba zosamalira okalamba ku UK mukudziwa za mabisiketi a 3 koloko m'bandakucha, nyamulani chakudya chanu kuchokera kunyumba ndipo muchiike pa nthawi ngati mmene mukanachitira masana.

Koma ngati mukumva kuti mukayamba kudya simungathe kuima, mukudya mobisa, mukudzisanzitsa dala, mukutafuna nkulavula, kapena mtima wakhala pansi masabata ambiri mpaka kuganiza zodzipweteka, ndandanda siikwanira, mukufunika katswiri wa maganizo ndipo pitani msanga. Mowa nawo muusamale kwambiri. Ukatha opaleshoni, makamaka bypass, umalowa m'magazi mofulumira, botolo limodzi limagwira ngati awiri kapena atatu, umagwetsa shuga, umatsegula chilakolako cha chakudya, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti chiopsezo chokhala chidakwa chimakwera makamaka kuyambira chaka chachiwiri, ngakhale kwa anthu amene kale analibe vuto limeneli.

Anthu akunyumba

Izi mabuku a madokotala akunja sakamba koma kwathu ndi theka la vuto. Kukana chakudya kwa apongozi ndi mwano, pamaliro ndi paukwati amakuikira phiri, ndipo ukayamba kuwonda anthu amayamba kunong'ona kuti akudwala, mukudziwa matenda amene amaganizira. Mayi anu amene ankanyadira kuti mwana wanga akusamalidwa bwino pabanja ayamba kudandaula, iwe idya, taona mmene wathera. Ndiye munthu amadzikakamiza kudya kuti asakhumudwitse anthu, amakasanza kubafa, mawa chimodzimodzi.

Simukakamizidwa kuuza aliyense za opaleshoni, koma munthu mmodzi kapena awiri a m'nyumba, makamaka amene amaphika, akuyenera kudziwa zoona kuti akutetezeni. Kwa ena onse mawu amodzi akwana, adokotala anandiletsa kudya zambiri chifukwa cha m'mimba, anthu amalemekeza zimenezo. Dzigawireni nokha m'kambale kanu musanakhale pansi, chifukwa pa mbale yodyera limodzi simudziwa kuti mwadya zingati ndipo liwiro mumatengera anzanu. Kwa achikulire mukhoza kunena kuti amayi chakudya chakoma kwambiri, ndisungireni chotsalachi ndinyamule, mwalemekeza ophika ndipo simunadzipweteke. Za kusala kudya, kaya Ramadan kaya kutchalitchi, chaka choyamba kusala tsiku lonse opanda madzi nkoopsa kwa inu, kambiranani ndi dokotala komanso atsogoleri anu, ndipo pomasula musayambe ndi zotsekemera.

Mankhwala, mavitamini ndi china chimene amayi amaiwala

Njala ikakwera mwadzidzidzi onani ngati mwayamba mankhwala atsopano. Prednisolone, olanzapine, mirtazapine, amitriptyline, jakisoni wolera wa Depo kwa ena, komanso cyproheptadine amene amapezeka m'mankhwala ena opatsa chilakolako cha chakudya, onsewa amawonjezera njala kapena thupi. Osasiya nokha, funsani ngati pali olowa m'malo.

Mavitamini ndi a moyo wonse, osati a chaka choyamba chokha. Ayironi, B12, calcium ndi vitamini D ndi amene amakonda kuchepa, ndipo kufooka kwake munthu amakutenga ngati njala nkumadya kuti apeze mphamvu. Mukayamba kulakalaka dothi kapena kutafuna ayisi kayezetseni magazi, kawirikawiri ndi ayironi wachepa. Ayironi ndi calcium musamwere limodzi, zisiyane maola awiri, ndipo tiyi amalepheretsa ayironi kulowa. Amene muli pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, ngati TLD, dziwani kuti calcium ndi ayironi zimamanga mankhwalawo kuti asalowe bwino m'thupi, langizo lodziwika ndi kumwa ARV maola awiri musanamwe mavitaminiwo kapena maola 6 mutamwa mavitaminiwo, ndipo akuchipatala kumene mumalandirira adziwe za opaleshoni yanu kuti aziona viral load mosamala.

Amayi, njala yachilendo limodzi ndi nseru ndi kutopa, yezani mimba. Thupi likatsika kubereka kumabwerera msanga ngakhale kwa amene anavutika zaka zambiri, ndipo mapiritsi olera sadalirika bwino ukatha bypass. Langizo ndi kudikira miyezi 12 mpaka 18 musanatenge pakati, koma zikachitika musabise, pitani msanga kusikelo muwauze za opaleshoni.

Mwakonza zonsezi koma sizikusintha

Patsani zosinthazi masabata anayi mpaka 6 mukuchita moona mtima. Dziwaninso kuti thupi limafika potsikitsitsa pakati pa chaka ndi zaka ziwiri, kenako kukwera makilo ochepa kumachitikira anthu ambiri, si chizindikiro choti zonse zagwa. Koma ngati mwadzidzidzi mukutha mbale yaikulu ya nyama ndi nsima osamva kuthina kulikonse, kapena sikelo ikukwera mwezi ndi mwezi, pakufunika kuunika mkati ndi kamera kapena X-ray ya barium, chifukwa nthawi zina polumikizira pamakula, kapena pa bypass pamatseguka kanjira pakati pa kathumba ndi chifu chakale. Zodzibwezera pa zamadzi zokhazokha kwa masiku 5 kuti chifu chifinyikenso, zimene anthu amauzana, palibe umboni woti zimachepetsa chifu, zimangokubwezerani ku zotsetsereka zomwe zija. Masiku ano madokotala amagwiritsanso ntchito majakisoni ochepetsa njala monga liraglutide, semaglutide ndi tirzepatide kwa anthu amene thupi likubwerera atachitidwa opaleshoni, ndipo kwa a sleeve amene asidi wawakanika nthawi zina amasintha kukhala bypass. Majakisoniwa ndi odula ndipo abodza alipo, musagule kwa munthu wa pa WhatsApp.

Vuto lalikulu kwa ambiri a ife ndi loti opaleshoni inachitikira kutali, ku India, ku Turkey, ku South Africa, munakwera ndege patangopita masiku ochepa ndipo palibe amene akukutsatirani. Ku England amene achitidwa kudzera ku zipatala za boma za NHS amayenera kutsatiridwa zaka ziwiri ndi gulu lomwe linawachita kenako kuyezedwa chaka ndi chaka, inu amene mulibe zimenezo mudzipangire nokha. Pezani dokotala mmodzi ndi katswiri wa zakudya amene muzibwerera kwa iwo, magazi ayezedwe pa miyezi 3, 6 ndi 12 kenako kamodzi pachaka, full blood count, ferritin, folate, B12, calcium, vitamini D, impso ndi chiwindi. Popita nyamulani kalata yotulukira kuchipatala yosonyeza mtundu wa opaleshoni, mabotolo onse a mankhwala ndi mavitamini amene mukumwa, manambala a shuga ngati munayeza, ndi zolemba za chakudya za sabata yathunthu osachotsamo tsiku loipa. Ngati kalatayo munataya lemberani chipatala chimene chinakuchitani akutumizireni pa imelo, chifukwa mankhwala ndi mavitamini a munthu wa sleeve ndi wa bypass nthawi zina amasiyana ndipo dokotala watsopano sangaganizire chabe.